Galimoto Ziwiri pa Njerwa

Pakhomo pa a Pompano panali galimoto ziwiri za mtundu umodzi, ina yoyenda, ina yongokhala. Yoyendayo inali ya akazi awo, ndipo ndiyo inkagwira banja. M'mawa uliwonse mayiwo ankazungulira nayo m'makomo kutenga ana aang'ono kupita nawo kusukulu, masana n'kuwabweza. Anawo ankawatchula kuti Anti, makolo nawo anatengera pomwepo, mpaka dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Ntchito yotere anthu amaiona ngati yamasewera, koma munthu sapereka mwana wake kwa wina aliyense. Anti anaimanga pang'onopang'ono, khomo ndi khomo, ndipo chimene chinkawagulitsa chinali chimodzi: hutala yawo inkalira pageti nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, kugwe mvula, kuwale dzuwa.

Yongokhalayo inali ya a Pompano eni ake. Anaigula kwa mkulu wina amene anaisiya pansi pa mtengo mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira, ndipo inafika pakhomopo chokokedwa ndi chingwe. Bamboyo ankagwira ntchito pa makina osindikiza mapepala, sanali makaniko, koma manja anali nawo, zimenezo sitingawamane. Mpopi, wailesi, loko wa chitseko, zonse zinkawamvera. Chimene analibe ndi mtima wokhala pa chinthu chimodzi mpaka chithe. Dzina la Pompano anawapatsa ndi alamu awo, mchimwene wa Anti, wometa anthu tsitsi kumsika, chifukwa chilichonse ukawafunsa yankho linali limodzi: "Pompano ndimaliza."

Galimoto yakaleyo anailowetsa mu shedi ya malata pambali pa nyumba, n'kuyamba kuivula kumaso. Boneti anaitsamiritsa kukhoma la bafa. Bampala anaipachika kudenga ndi waya. Nyali anazikulunga m'matawulo akutha, ndipo malata a m'mbali aja ophimba matayala anawagoneka pamwamba pa khola la nkhuku. Kumasula kumakoma, inu. Bawuti ikakana kwa kanthawi kenako n'kulira kuti kwee, munthu umadziona ngati wagonjetsa mdani. Atatha malata anaikweza ndi jeke, anaikhazika pa njerwa, anachotsa matayala akutsogolo, n'kulowa m'kati mwenimweni: mashoko ndi masipuling'i ake ochepetsa kugwedezeka pa mabampu, ndi mikono yachitsulo imene imagwira tayala kuti lisathawe. Amene anazolowera ntchitoyi amamasula mbali imodzi, inayo n'kuisiya kuti idzawakumbutse pomanga. A Pompano zimenezi ankazidziwa bwinobwino, koma tsiku limenelo sipanala inkawamvera kwambiri, ndiye anagwetsa mbali zonse ziwiri dzuwa lisanalowe. Mabawuti, manati ndi timawashala tonse anazithira m'chidebe chimodzi cha penti.

Panapita miyezi. Ankapala dzimbiri Loweruka lina, kupaka penti wakuda Loweruka lina, ena kungoliza injini kuti oyandikana nawo amve kuti ili moyo. Injiniyo inalidi yabwino, ndipo imeneyo ndiyo inkawapusitsa.

Loweruka lomaliza la tchuthi cha ana a sukulu, mtima womanga unawagwira. Anakhuthula chidebe chija pa katoni, anayala zitsulo zonse pansi, n'kuima pamenepo manja m'chiuno. Mutu unali mbee. Mkono uwu ndi wakumanja kapena wakumanzere? Washala wokhuthalayu amakhala pamwamba pa mphira kapena pansi? Zitsulo zinkangowayang'ana.

Panja, Anti anali kalikiliki ndi ndowa ndi sopo, kutsuka mipando ya galimoto yawo. Ana amasiya zambiri m'galimoto: zinyenyeswa, inki, chingamu chomata pansi pa mpando. Zitseko zonse zinali pululu kuti mipando iume.

"Mayi, galimoto yanuyi lero sikuyenda, eti?" anafunsa a Pompano akupukuta manja.

"Iyenda bwanji mipando ili chinyezi chonchi? Mwafunsiranji?"

"Ndimati ndingosuzumira pansipa, ndione mmene zitsulo zinakhalira. Ndi mtundu umodzi ndi yangayi."

Anti anafinya nsanza, n'kuwayang'ana amuna awo nthawi yaitali ndithu.

"Abambo, kusuzumira ndi maso. Sipanala isayandikire. Lolemba sukulu ikutsegulidwa, ndipo mukudziwa kuti wa minibasi yachikasu uja tchuthi chonsechi wakhala akuyenda m'makomo mwa makolo a ana amene ndimanyamula. Akungodikira kuti ndipunthwe tsiku limodzi."

"Aa, inunso. Ndine mwana ine?"

Anti anasamba, n'kupita kukaona mng'ono wawo amene anali atangochira kumene, ulendo wa tsiku lonse.

Poyamba a Pompano anasuzumiradi ndi maso okha. Koma tayala linkatchinga, ndiye anabweretsa jeke n'kulichotsa. Kuchotsa tayala si kumasula galimoto. Atatero anaona kuti malo amene ankafuna kuona abisika kuseri kwa shoko. Anamasula shokoyo, n'kuigoneka pambali mwaulemu. Apo ndiye anaona chinthu china: timphira tokhala m'mfundo za mkono wachitsulo tinali tong'alukang'aluka chifukwa cha kukalamba. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa timphira tatsopano anali nato m'nyumba, togulira galimoto yakale ija. Anaganiza zowachitira zabwino akazi awo, kuti Lolemba adzadabwe galimoto ikuyenda mofewa. Tinene zoona, pamenepa panalibe mtima woipa. Zinthu zambiri zimene zimawonongeka pakhomo zimawonongedwa ndi anthu ofuna kuthandiza.

Mphira wakale satuluka mwamtendere. Anamenya ndi hamala, anaboola, anatentha ndi moto mpaka utsi wakuda unadzaza bwalo, ndipo timphirato tinatuluka tili zidutswazidutswa. Poti timphira timasinthidwa mbali zonse, anagwetsanso mbali inayo n'kuchita chimodzimodzi. Kenako anatenga katsopano kuti akalowetse. Kanangodutsa pabowopo kuti psiti, n'kugwera pansi. Anayesa kena, chimodzimodzi. Galimotozo zinalidi za mtundu umodzi, koma sizinapangidwe chaka chimodzi, ndipo mabowo a ya Anti anali okulirapo pang'ono. Anayesa kutenga mikono ya galimoto yakale kuti aimange pa ya Anti. Inaperewera ndi kachala kamodzi kokha, koma bawuti sidziwa zoti pang'ono. Pamene ankathamangira ku sitolo ya zitsulo za galimoto n'kuti atatseka kale, kudikira Lolemba.

Anti pobwera madzulo anapeza galimoto yawo itakhala pa njerwa, kumaso kulibe miyendo, mofanana ndi inzake ya mu shedi. Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

"Musadandaule mayi, n'zazing'ono. Mawa pompano ndimaliza. Ndiponso ikavuta yanuyi, yanga ija injini yake ndi moto. Kungomanga kumasoku basi, Lolemba mutengera imeneyo."

"Ndiwaimbiretu makolo, adziwe kuti mwina zivuta?"

"Ayi, ayi! Mukawaopseza chabe. Galimoto ziwiri pakhomo, zonse n'kukanika? Zingatheke bwanji?"

Anti sanaimbe foniyo. Anali ndi mantha, komanso ankadziwa kuti foni yotere ikangolira, mawu amafika kwa wa minibasi yachikasu tsiku lomwelo. Anasankha kukhulupirira amuna awo, popeza kwina kogwira kunalibe.

Lamulungu m'mawa kunabwera alamu aja, ometa tsitsi, ataitanidwa ndi mlongo wawo. Anazungulira galimoto yoyamba, anazungulira yachiwiri, n'kuimba kaluzu.

"Alamu, mwatsegula chipatala? Odwala awiri, dokotala mmodzi, onse mwawadula miyendo!"

"Sekani, sekani. Madzulo mudzakwera."

"Nthabwala pambali, alamu. Pali mkulu wina amene ndimamumeta, amagulitsa zitsulo za galimoto zakufa kuseri kwa msika. Lamulungu amatsegula m'mawa, koma likafika pamutu dzuwa amatseka n'kupita kwawo. Tiyeni tinyamule mkono umodzi wa galimoto ya achemwali, tikafanizire, tigule iwiri yokhala ndi mphira wake kale. Mukabwera n'kungomanga. Yanuyi isiyeni, sikuthawa."

Malangizowo anali abwino, ndipo a Pompano anavomera. Anafika ponyamula mkonowo n'kuukulunga m'nyuzipepala. Koma podutsa pa shedi maso awo anagwera pa galimoto yakale ija, zitsulo zake zili phuliphuli ndi penti watsopano, timphira tatsopano tikukwanira bwinobwino m'mikono yake. Ndiponso tsopano ankadziwa mmene zonse zimakhalira, popeza anali ataonera pa ya Anti. Anaima.

"Alamu, taganizani. Tikapita uko mwina sitikaipeza, nthawi n'kutayika. Pamene iyi zonse zilipo. Ndipatseni kanthawi, ndiimange, tiitsitse pansi. Ikavuta, tipita kwa mkulu wanuyo."

"Dzuwa silidikira munthu, alamu."

"Pompano."

Anayamba kumanga yakaleyo. Mikono inalowa bwino. Atafika pa mashoko anakumbukira kuti ake anali akufa, otayikira mafuta, ndipo atsopano anali asanagule. Anathamangira panja, anatenga a Anti, n'kuwamanga pa yakaleyo; amenewo mwamwayi anakwana. Mapaipi a mabuleki a yakaleyo anali ouma ngati chikuni, ndiye anakamasulanso a Anti. Mabawuti ena atasowa m'chidebe, anakatola pa mulu wa Anti. Ena a Anti atawaona kuti ndi aatali, anawaponya m'chidebe. Anali piringupiringu pakati pa shedi ndi bwalo, thukuta lili kamukamu, uku wanyamula ichi, uko wasiya icho. Nthawi ina mtima unawagunda, anasiya yakaleyo n'kubwerera ku ya Anti kukayesa kudula mphira wa tayala lakutha kuti alowetse m'mabowo muja. Anataya nthawi yambiri akusema mphirawo ndi mpeni, koma unkangotuluka. Anausiya n'kubwereranso ku shedi.

Alamu aja anakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana mthunzi wa nyumba ukufupika.

"Alamu, mkulu uja akutseka tsopano."

"Msiyeni atseke. Taonani, yatsala pang'ono."

Ometa tsitsiwo anadzuka, anasasa fumbi kumbuyo kwa buluku, anakalankhula ndi mlongo wawo kukhitchini motsitsa mawu, n'kumapita. Potuluka pageti sanaseke.

Dzuwa litapendeka, galimoto yakale inali ndi matayala onse anayi. Inalibe boneti, inalibe bampala, nyali zinali zomangirira ndi waya, moti sindikudziwa kuti ndi kholo liti likanalola mwana wake kukwera chinthu chooneka chonchija, koma a Pompano zimenezo ankati aziona pambuyo. Anaitana akazi awo kuti adzaonere. Anachotsa njerwa, n'kuyamba kutsitsa jeke pang'onopang'ono. Matayala anagunda pansi. Kulemera kwa injini kunakhala pa masipuling'i. Kenako kunamveka phokoso ngati munthu waponda chitini, ndipo mbali yakumanja inagwa n'kukhala pa tayala. Mutu wa shoko unali utaboola lata limene umamangiriridwapo n'kutulukira pamwamba. Latalo linali litadyeka ndi dzimbiri mpaka kupyapyala ngati pepala, ndipo a Pompano, m'miyezi ija, m'malo moligogoda kuti amve kulimba kwake, anangolipaka penti wakuda n'kumalisirira.

Tizidutswa ta dzimbiri tinkagwabe pansi.

"Ndibwezera zonse ku yanu," anatero a Pompano, mawu atauma. "Mashoko, mapaipi, zonse."

"Mubwezera pa chiyani? Mikono ilibe mphira. Kapena mwaiwala?"

Anali ataiwaladi. Anayang'ana ya pabwalo, anayang'ana ya mu shedi, sipanala ili lende m'manja.

Anti sanakalipe, ndipo ndi zimene zinawawa kwambiri. Analowa m'nyumba, anakhala pa mpando wodyera, n'kuyamba kuimba mafoni. Anayamba ndi anzawo okhala ndi galimoto, kupempha yobwereka, koma madzulo oti mawa sukulu ikutsegulidwa aliyense yake imakhala ndi ntchito. Atasowa mtengo wogwira anayamba kuimbira makolo, mmodzimmodzi. A Pompano anaima pakhomo la khitchini, manja akuda bii, akumva akazi awo akupepesa chinthu chimene sanalakwe.

Foni yovuta inali ya mayi a mapasa, anamwino a kuchipatala, amene anali oyamba kupereka ana awo kwa Anti ndipo ndi amene anakopa makolo ena ambiri.

"Anti, mukundiuza madzulo ano?" mawu awo ankamveka bwinobwino m'chipindamo. "Ine mawa ndikulowa m'mamawa, bambo awo kulibe. Mukanandiuza dzulo bwenzi nditapeza wondigwirira."

"Ndalakwa, mayi. Ndimayesa zitheka."

"Galimoto yachita ngozi?"

"Ayi. Ikukonzedwa."

"Ikhala bwino liti?"

Anti anatembenuka kuyang'ana amuna awo. A Pompano anatsegula pakamwa, koma mawu aja amene anawazolowera anakana kutuluka.

"Sindikudziwa, mayi," anatero Anti.

"Chabwino. Ndiona chochita."

Chochita chinali chimodzi, ndipo makolo onse ankachidziwa. Wa minibasi yachikasu anawalandira ndi manja awiri, koma ananena poyera kuti iye sanyamula mwana kwa tsiku limodzi kapena sabata; wofuna malo alembetse teremu yonse. Munthu woti mawa m'mawa akufunika kuntchito sakhala ndi nthawi yokambirana. Analembetsa.

Lolemba a Pompano anapempha tchuthi kuntchito n'kukatenga makaniko. Makanikoyo sananene zambiri. Anangopempha mpando ndi beseni, n'kukhala pansi kusankhula mabawuti a galimoto ziwiri amene anasakanikirana ngati mpunga ndi mchenga. Timphira toyenera tinasowa m'sitolo zapafupi, tinachita kuitanitsidwa. Paipi imodzi ya mabuleki inapezeka kuti inapindika pomasula, shoko ija inaboola lata nayo inali itakhota. Sabata yonse inathera pamenepo. Loweruka galimoto ya Anti inatsika pa njerwa, ndipo makaniko ataiyendetsa anati tsopano ili bwino kuposa kale.

Lolemba linalo Anti anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Anavala, anapukuta galasi lakutsogolo, n'kutuluka pageti. A Pompano anafuna kufunsa kuti akupita kuti, popeza onse ankadziwa mmene zinthu zinalili, koma anaona nkhope ya akazi awo n'kumeza funsolo.

Anti anayenda njira yawo yonse. Pageti loyamba analiza hutala. Anatuluka wantchito n'kunena kuti ana apita kale. Pachiwiri mayi wa nyumba anabwera yekha, anapepesa mwaulemu, anati teremu ikubwerayi mwina aona. Pena sipanatuluke munthu, katani yokha ndiyo inagwedezeka. Kwa mayi a mapasa anapeza geti lokhoma. Anafika mpaka pasukulu, anaima pamalo pawo pa nthawi zonse, anaona ana awo aja akutsika m'minibasi yachikasu, wina atavala juzi mozondotsa popanda womukonza. Kamtsikana kena kanawaona, kanakuwa kuti, "Anti!" n'kuyamba kuthamangira galimotoyo, koma mphunzitsi anakagwira dzanja n'kukalowetsa m'kati.

Atabwerera kunyumba anaimika galimoto pabwalo, anazimitsa injini, koma sanatsike. Anakhala momwemo manja ali pa chiwongolero. A Pompano, amene anali asanapite kuntchito, anayandikira pawindo mwamanyazi ngati mwana woswa mbale.

"Ikuyenda bwanji, mayi?"

"Ikuyenda bwino, abambo," anatero Anti osawayang'ana. "Sikugwedera ngakhale pang'ono. Mabampu onse ndadutsa osawamva. Kumbuyoku ndiye kuli zii."

A Pompano anasuzumira pa mipando yakumbuyo, yoyera bwino, yonunkhirabe sopo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane anasowa choti alonjeze. Anatenga chikwama chawo n'kuyamba wapansi kupita kokwerera basi.

Bamboyu ntchito ankaitha, ndipo mwayi wokonza cholakwa chake anali nawo m'manja, wokulungidwa kale m'nyuzipepala. Akanagwira galimoto imodzi n'kuiiwala inayo, bwenzi hutala italira m'mageti tsiku lotsegulira sukulu. Koma poti zinali ziwiri, iliyonse inkawanamiza kuti inzake iwapulumutsa, ndipo tsiku linathera m'njira ya pakati pa shedi ndi bwalo. Akuluakulu anaziona kale zotere pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.